Perfect hash: momwe compiler imazindikirira mawu mwachangu

Compiler, pulogalamu yomasulira malamulo a kompyuta, imafufuza liwu lililonse ngati lili m'gulu la mawu osungidwa, monga "if" ndi "while". Chiyankhulo cha C cha mu 1989 chili ndi mawu otere 32.

Perfect hash ndi njira ya masamu yopatsa liwu losungidwa lililonse nambala yakeyake, ngati mabokosi a makalata pa positi ya Balaka. Compiler imangotsegula bokosi limodzi n'kuyerekeza kamodzi kokha.

Mu 1980, Richard Cichelli anapeza nambalazi pophatikiza kutalika kwa liwu ndi nambala zoimira chilembo choyamba ndi chomaliza. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi mapulogalamu monga GNU gperf. Koma mawuwo ayenera kudziwika pasadakhale: mukawonjezera limodzi, masamuwo amachitidwanso.