Kandodo, Padi, Kenako Mabatani Okhaokha: Mbiri ya Manja pa Magemu a Ndewu

Nkhani ya ulendo uno ikukhudza aliyense amene anagwirapo padi n'kusewera Street Fighter, Tekken kapena Mortal Kombat. Paliponse pamene anyamata ndi atsikana akumana pa magemu amenewa sipalephera mkangano woti chipangizo chabwino chosewerera ndi chiti. Wina amati katswiri weniweni amagwira kandodo ka pa makina a arcade, wina amati padi basi, pomwe wosewera pa kiyibodi ya laputopu amangosekedwa ngati wasochera. Mkanganowu ndi wakale kuposa ambiri a ife, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense amene akuganiza zosintha kagwiridwe.

Tiyambire ku Japan m'chaka cha 1987, pamene kampani ya Capcom inatulutsa Street Fighter yoyamba. Ena mwa makina ake anali ndi mabatani awiri akuluakulu a labala, lina la nkhonya, lina la mateche. Mphamvu ya nkhonya mu gemu imatengera mphamvu imene munthu wamenyera batanilo, ndiye anthu amachita kuwomba ndi chibakera chenicheni. Manja amapweteka, makina amawonongeka. Capcom inasiya njirayi n'kukhazikika pa mabatani 6: atatu a nkhonya, atatu a mateche, kuyambira chopepuka mpaka champhamvu. Pamene Street Fighter II inatuluka mu 1991 n'kutchuka dziko lonse, kandodo kudzanja lamanzere ndi mabatani 6 kudzanja lamanja zinasanduka ngati lamulo.

Komatu ngakhale kandodoko sikanali kofanana konsekonse. Ku Japan kanali ndi kampira pamwamba, kopepuka, kogwira ndi zala, ndipo makampani a Sanwa ndi Seimitsu ndi amene anatchuka popanga. Ku America kanali kakutali ndi kolimba, kofuna mphamvu ya mkono. Ku South Korea, kumene Tekken inazika mizu kwambiri, anapanga kawo kokhala ndi labala mkati, kamene kamabwerera pakati mwachangu ukangokasiya. Kubwerera msanga kumeneko kunawathandiza kuyendetsa munthu cham'mbuyo mwaliwiro lodabwitsa, njira imene mpaka lero osewera a Tekken amaitchula kuti Korean backdash. Apa tikuwona kale kuti chipangizo chimaumba kaseweredwe ka dera lonse.

Magemuwa atalowa m'nyumba, vuto latsopano linabadwa. Street Fighter II inafika pa Super Nintendo mu 1992, ndipo padi yake inali ndi mabatani anayi pamwamba ndi awiri m'mapewa. Padi ya Sega Mega Drive inali ndi mabatani atatu okha, mpaka kampaniyo inachita kutulutsa ina ya mabatani 6 mu 1993. Ana ambiri anakulira pa padi, koma mipikisano yaikulu inkachitikabe pa makina a arcade. Choncho wosewera wa padi ankawoneka ngati mwana wa m'nyumba amene sanalowepo m'bwalo lenileni. Kandodo kanapatsidwanso ulemu wina mu 2004 pa mpikisano wa Evo, pamene Daigo Umehara wa ku Japan, atatsala ndi kamoyo kakang'onong'ono, anatchinga mateche 15 otsatizana a Chun-Li wa Justin Wong mu Street Fighter III: 3rd Strike, kenako n'kupambana. Kanema wa mphindi imeneyo anazungulira dziko lonse, ndipo aliyense ankafuna manja ngati amenewo. Street Fighter IV itafika pa PlayStation 3 ndi Xbox 360 mu 2009, timabokosi ta kandodo ta kampani ya Mad Catz tinagulidwa ngati zitumbuwa.

Chikhulupiriro chimenecho chinagwedezeka mu 2014. Pa Evo ya chaka chimenecho, wosewera wa ku France wotchedwa Luffy anatenga chikho cha Ultra Street Fighter IV pogwiritsa ntchito Rose, atagonjetsa Bonchan wa ku Japan mu ndime yomaliza. M'manja mwake munali padi ya PlayStation yoyamba, chipangizo cha m'zaka za m'ma 1990 chimene ena anali atataya kalekale. Mu 2017 MenaRD wa ku Dominican Republic, nayenso wa padi, anapambana Capcom Cup ali mnyamata wa zaka 18. Mawu oti padi ndi ya ana anayamba kuzilala.

Koma kusintha kwakukulu kunali kukuphikidwa kwina. Cha m'ma 2010, abale awiri a ku America, Dustin ndi Shawn Huffer, anayamba kupanga bokosi lopanda kandodo, lomwe analitcha Hit Box. Pamalo pa kandodo anaikapo mabatani anayi: kumanzere, pansi, kumanja ndi m'mwamba. Zala zitatu za dzanja lamanzere zimakhala pa mabatani atatu oyambawo, pomwe batani lodumphira lili m'munsi, pa chala chachikulu, monga momwe space bar imakhalira pa kiyibodi. Inde, lodumphira m'mwamba lili pansi pa onse. Aliyense woliwona koyamba amati wopangayo anasokoneza.

Chifukwa chake n'chomveka ukachiganizira. Magemu a ndewu amayenda pa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo zambiri zimagamulidwa ndi kachithunzi kamodzi kapena tiwiri. Kuti kandodo kachoke kumanzere kufika kumanja kayenera kuyenda mtunda, kudutsa pakati. Chala chimene chili kale pa batani sichiyenda mtunda uliwonse, chimangodina. Kuwonjezera apo, batani silinama: walidina kapena sunalidine. Pa kandodo kapena pa padi n'zosavuta kupendekera m'mwamba pang'ono mwangozi, munthu wako n'kudumpha pamene iwe umafuna kutchinga, n'kudya nkhonya ya chabe.

Ubwino womwewo ndi umene unabweretsa mlandu. Kandodo sikangakhale kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, koma pa mabatani munthu atha kudina onse awiri pamodzi. Magemu akale sanapangidwe poganizira zimenezi. Nkhaniyi imadziwika ndi zilembo zakuti SOCD, ndipo opanga mabokosi anayamba kuikamo dongosolo losankha chochita zikatero. Pa Hit Box, kumanzere ndi kumanja pamodzi zinkatanthauza kuima chilili, pomwe pansi ndi m'mwamba pamodzi zinkatanthauza m'mwamba.

Zinthu zinafika pachimake mu 2019, pamene Daigo yemwe uja, mfumu ya kandodo, anayamba kusewera Guile pa bokosi la mabatani okhaokha lokonzedwa mwapadera, lotchedwa Gafrobox. Kuti mumvetse, Guile ndi munthu wosunga mphamvu: umagwira cham'mbuyo kwa kanthawi kenako kutsogolo ndi nkhonya kuti atulutse Sonic Boom, kapena umagwira pansi kenako m'mwamba ndi teche kuti atulutse Flash Kick. Pa mabatani, kusintha kumeneku kumachitika pompopompo, ndipo kusunganso mphamvu ina kumayamba msanga. Mpikisano wa Combo Breaker wa mu May 2019 usanachitike, Capcom inaletsa bokosi limenelo pa mipikisano yake. Pa intaneti panali phokoso. Ena amati n'kubera, ena amati n'kupita patsogolo basi.

Chiletsocho sichinaphe njirayi. Malamulo anakonzedwa, mabokosi otsata malamulowo analoledwa, ndipo akatswiri ambiri a ku Japan, kuphatikizapo Tokido, anasiya kandodo atakagwira kwa zaka zambirimbiri. Mu 2022 Kawano anapambana Street Fighter V pa Evo akusewera pa mabatani okhaokha. Mu 2023 Capcom inalamula kuti pa mipikisano yake, kudina pansi ndi m'mwamba pamodzi kuzitanthauza kuima chilili, ndiye amene anazolowera kachidule kakale anayenera kuphunzitsanso zala zawo. Chaka chomwecho Razer inatulutsa bokosi lake lotchedwa Kitsune, ndipo pulogalamu yaulere ya GP2040-CE, yoyenda pa kabolodi kotchipa ka Raspberry Pi Pico, inapangitsa kuti anthu wamba azitha kudzipangira okha mabokosi amenewa. Chinthu chimene chinkatchedwa chinyengo chinasanduka katundu wa m'sitolo.

Mu June 2023 momwemo Street Fighter 6 inabwera ndi mkangano wina. Gemuyi ili ndi kaseweredwe ka Classic, ka mabatani 6 kaja, ndi ka Modern, komwe nkhonya zapadera zimatuluka ndi batani limodzi ndi mbali imodzi. Mtengo wake ndi woti nkhonya yotulutsidwa mwachidule chonchi imachepa mphamvu ndi 20 peresenti, komanso nkhonya zina wamba sizipezeka. Anthu anaseka kuti ndi za oyamba kumene, mpaka Haitani, mmodzi mwa akatswiri akale a ku Japan, anafika mu gulu la osewera 6 omaliza pa Evo 2023 ndi Chun-Li wa Modern. Kuseka kunachepa.

Pa mbiri yonseyi pali dzina lina losayenera kudumphidwa, Mike Begum wa ku America, wodziwika kuti BrolyLegs. Iyeyu anabadwa ndi matenda amene anafooketsa manja ndi miyendo yake, ndiye ankasewera pa padi pogwiritsa ntchito tsaya ndi lilime. Chun-Li wake ankagwetsa anthu a manja awiri abwinobwino, ndipo ankaphunzitsanso ena. Anamwalira mu 2024. Ukamuwona akusewera m'makanema, mawu oti "ndaluza chifukwa cha padi" amathera pakhosi.

Nanga amene anasintha kagwiridwe anadutsa mu zotani? Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ifeyo. Aliyense wosintha amayamba wabwerera m'mbuyo. Mutu umadziwa chochita, koma zala zili mbuli. Munthu amene umamukwapula tsiku ndi tsiku amayamba kukukwapula, n'kumalengeza kwa aliyense. Ambiri amathawira ku chipangizo chakale pa nthawi imeneyi, ndipo amataya zonse ziwiri, chifukwa zala zimasokonezeka. Amene anapirira ndi amene anavomera kuluza kwa kanthawi kuti apeze chachikulu.

Pa mabatani okhaokha, zovuta zoyamba n'zodziwika. Choyamba ndi kudumpha: chala chachikulu chimaiwala ntchito yake, kapena chimadina mwangozi ukachita mantha. Chachiwiri ndi mbali ya sikirini. Hadoken ya Ryu ndi pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo, kenako nkhonya. Ukakhala kumanzere kwa sikirini, umagubuduza chala chapakati kupita ku chamkombaphala, ndipo zimayenda bwino. Ukakhala kumanja, ntchito yomweyo imagwera chala cha mphete, chimene mwachibadwa n'chofooka ndipo chimakonda kuyendera limodzi ndi chapakati. Ndiye n'chifukwa chake wophunzira amatha kukhala chilombo mbali imodzi koma nkhuku mbali inayo. Chachitatu ndi nthawi yosiyira batani. Pa kandodo umaganiza za kumene ukukankhira, pomwe pa mabatani kusiya msanga kapena mochedwa ndi kumene kumawononga. Ukachedwa kuchotsa chala pa batani la pansi, Hadoken siituluka. Kuzungulira konse kwa Zangief nako kumafuna kuphunzira mwatsopano, popeza palibe chozungulitsa.

Mankhwala ake si achilendo. Lowani mu training mode, yatsani mbali imene imawonetsa zimene mwadina, ndipo muziwerenga pamene palakwika m'malo mongodandaula kuti sizikutuluka. Yambani ndi kuyenda, kutchinga ndi kudumpha musanathamangire makombo ataliatali, chifukwa ndewu zambiri zimaluzidwa pa kutchinga. Chilichonse muchichite kakhumi kumanzere, kakhumi kumanja, ndipo mbali yovutayo muiwonjezere. Mphindi zochepa tsiku lililonse zimaposa maola ambiri kamodzi pa sabata. Dzanja likayamba kupweteka, pumulani, musalimbane nalo. Ndipo musasinthe chipangizo mpikisano utayandikira, dikirani udutse.

Kwa anzathu amene mumasewera pa kiyibodi chifukwa padi yabwino ndi yodula, mbiriyi ili ndi uthenga wokoma. Kagwiridwe kamene akatswiri ambiri akuthamangira lero ndi m'bale wake wa kiyibodi yanuyo. Ikani kumanzere, pansi ndi kumanja pa A, S ndi D, kudumpha pa space bar, nkhonya ndi mateche pa zilembo za kudzanja lamanja, ndipo mwayamba kale kuphunzira njira yomweyo popanda kuwononga ndalama. Chenjezo lokha n'loti makiyibodi ena otchipa salandira mabatani ambiri odinidwa pamodzi, ndiye yesani kaye musanadzudzule zala zanu.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense ataye padi kapena kandodo ayi. Arslan Ash wa ku Pakistan anagwedeza dziko la Tekken 7 mu 2019 popambana Evo Japan komanso Evo, atagonjetsa Knee wa ku South Korea, ali pa kandodo. Punk wa ku America anatenga Street Fighter 6 pa Evo 2024 ali pa padi. Kuyambira 1987 kufika lero, chipangizo chilichonse chakhalapo ndi nthawi yosekedwa komanso nthawi yokweza chikho.

Choncho musanasinthe, dzifunseni chimene chikukuvutani. Ngati chala chachikulu chikutupa pa padi, kapena mumadumpha mwangozi nthawi zonse, kusintha kuli ndi phindu, ndipo masabata a kuluza ndi mtengo woyenera kulipira. Koma ngati mukuluza chifukwa simutchinga, mumadumphira mdani mosaganiza, bokosi latsopano silikupulumutsani. Ndipo mukawona mnzathu akuvutika ndi kagwiridwe katsopano, m'patseni mpata aphunzire. Amene mukumusekayo atha kudzakhala wokuphunzitsani miyezi ingapo ikubwerayi.