Malonda ndi Chikhristu: Phunziro la pa Gombe la Nkhotakota

Makolo athu adati mau a akuluakulu akoma akagonera. Nzoona, koma mau akagonera nthaŵi yaitali amagwa m'manja mwa anthu ena, ndipo iwo amaŵaveka chovala chimene mwiniwake sadasoke. Mbiri ya gombe lathu la Nkhotakota itiphunzitsa zimenezi.

M'mwezi wa Disembala 1857, David Livingstone adalankhula kwa ophunzira a ku Cambridge ku Mangalande, naŵauza kuti alikubwerera ku Afrika kukatsegula njira ya malonda ndi Chikhristu. Mau aŵiri ameneŵa adatchuka kwambiri, ndipo mpaka lero ena amamtama nawo, ena amamtsutsa nawo.

Kuti timve chimene iye ankatanthauza, tiyenera kuima naye pa gombe la Nkhotakota m'chaka cha 1863. Pamenepo adapeza amisiri alikukhoma chombo choolotsera akapolo kutsidya la nyanja, kumene ankayamba ulendo wautali wapansi wopita ku Kilwa. Mbiri imati adakhala pansi pa mtengo wa mkuyu pamodzi ndi Jumbe, namdandaulira kuti aleke kugulitsa anthu. Koma kwa Jumbe, akapolo ndi minyanga ya njovu ndiwo adali malonda amene. Livingstone ankakhulupirira kuti mfumu yogulitsa anthu pofuna nsalu, mikanda ndi mfuti sidzaleka mpaka itapeza china chogulitsa. Tsono pakunena za malonda, iye ankaganiza za thonje ndi zokolola zina zoti ziloŵe m'malo mwa munthu pamsika.

Livingstone adamwalira mu 1873, koma mau ake adapitirira ulendo. Mu 1878 amalonda a ku Glasgow adayambitsa kampani imene timaidziŵa ndi dzina loti Mandala. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe ku Nkhotakota komweko, ndipo mu 1891 dziko lidaloŵa m'manja mwa Angerezi. Ukapolo udatha, ndipo abale athu a mpingo wa Anglican, amene mishoni yao idabadwa ndi mau a ku Cambridge aja, adakhazikika ku Nkhotakota mu 1894. Pa zimenezi tithokoze Mulungu.

Koma pamodzi ndi zabwinozo padabweranso msonkho wa nyumba, kulanda malo ndi thangata. Kumwera, pa esiteti ya Magomero imene idali m'manja mwa Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wake wa Livingstone, thonje lija lidalimidwadi, koma olima ake adali anthu othangata. Kumeneko ndiko anthu a John Chilembwe adaukira mu Januwale 1915. Liu lomwe lija loti malonda, limene lidanenedwa pofuna kumasula kapolo, tsopano linkamveka ngati goli latsopano.

Nanga tiweruze bwanji? Wotama Livingstone asabise kuti iye yemweyo ankalakalaka kuti azungu adzakhale ku mapiri a Shire. Womtsutsa asabise chombo chija chimene iye adachiona ndi maso ake. Onse aŵiri akadula mau pakati, atha kunama osasintha ngakhale lemba limodzi.

Ife akhristu tidziŵa kuti m'chipululu muja Satana adayesa Ambuye Yesu ndi mau enieni a m'Masalimo. Mauwo adali oyera, koma adazulidwa pamalo pake. Nafenso m'mabanja ndi m'miphakati mwathu timamva kuti bambo mfumu adati chakuti, aepiskopi kapena mtsogoleri wakutiwakuti adati chakuti, ndipo udani umayamba. Tisanabwereze mau a munthu wina, tiyambe tafunsa: adaŵanena liti, kuti, kwa yani, ndipo ankayankha vuto lanji? Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kuchita umboni wonama, ndipo limateteza amoyo ndi akufa omwe.