Amalawi a ku East Rand ndi Mbiri ya Voti

Dera la East Rand, lomwe kuyambira mu December 2000 limatchedwa Ekurhuleni, ndi mndandanda wa matauni a migodi ndi mafakitale kum'mawa kwa Johannesburg: Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs, Nigel, Alberton, Kempton Park ndi Edenvale. Pambali pa matauniwa pali makomboni akuluakulu omwe boma la tsankho linamangira anthu akuda, monga Tembisa, Katlehong, Thokoza, Vosloorus, Daveyton, KwaThema, Tsakane ndi Duduza. Amalawi akhala akugwira ntchito m'derali kwa zaka zopitirira 100, ndipo m'zaka zonsezo ambiri a iwo sanavotepo, kaya m'dziko lomwe amagwiramo ntchitolo kaya kwawo komwe amatumiza ndalama.

Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, migodi inafalikira msanga chakum'mawa. Mgodi wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg unayamba mu 1893 ndipo unakumbidwa mpaka 2008. Eni migodi ankafuna anthu ambiri olandira malipiro ochepa, choncho bungwe lawo lolemba antchito, lomwe anthu ankangoliti Wenela, linatambasulira maukonde ake mpaka ku Nyasaland. Ena ankapita pa kontirakiti ya Wenela, ena ankapita okha, wapansi, akumaima kugwira maganyu ku Southern Rhodesia kuti apeze kamba wa pa ulendo. Mmodzi mwa oyenda okhawa anali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, yemwe anagwira ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Boksburg asanapite kukaphunzira ku America mu 1925.

M'nyengo imeneyo nkhani ya voti inalibe ndi poyambira pomwe. Ku Transvaal munthu wakuda, mbadwa kapena mlendo, sankaloledwa kuvota, ndipo mgwirizano womwe unapanga dziko la South Africa mu 1910 unasiya zinthu momwemo. Ku Nyasaland nako chisankho choyamba chomwe anthu akuda ambiri anavotamo chinachitika mu August 1961, ndipo ankavota okhawo okwaniritsa zoyenereza za maphunziro kapena chuma. Wa pa mgodi ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, pansi pa diso la manejala ndi apolisi a kampani, ndipo akamaliza kontirakiti ankabwezedwa kwawo. Mawu ake ankamveka kudzera m'sitalaka ndi m'mabungwe a antchito basi. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, yemwe anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919, anatsogolera antchito masauzande ambiri m'dziko lomwe analibe nalo voti.

Malawi atalandira ufulu mu 1964, zinthu sizinasinthe kwenikweni kwa anthu a ku Joni. Dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya, kotero kuti ngakhale wokhala kumudzi analibe chosankha chenicheni. Boma linkawawerengera anthu a m'migodi pa nkhani ya ndalama, chifukwa gawo la malipiro awo linkasungidwa n'kukalandiridwira ku Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya South Africa anapitirira 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa, pansi pa bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, lodziwika kuti Theba, koma inatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza antchito kachirombo ka HIV. Chaka chimenechi n'chofunika pa zomwe zinatsatira.

Pamene Amalawi ankachepa m'migodi, makomboni a East Rand anali atasanduka bwalo la nkhondo yomenyera voti, ndipo patsogolo panali ana asukulu. Mu 1983 boma linachititsa zisankho za makhansala a m'makomboni, zomwe anthu ambiri anazinyanyala chifukwa makhonsolowo analibe mphamvu ina koposa kutolera lendi. Pa 5 ndi 6 November 1984 bungwe la ophunzira la COSAS, pamodzi ndi mabungwe a antchito, linachititsa kuti anthu asapite kuntchito kwa masiku awiri, ndipo mafakitale ambiri a East Rand anaima. Boma linayankha mwankhanza. Mu June 1985 apolisi achinsinsi anatumiza munthu wawo, Joe Mamasela, kuti adzionetse ngati womenyera ufulu, ndipo anapatsa anyamata a ku Duduza, KwaThema ndi Tsakane mabomba a m'manja okonzedwa kuti aphulike pomwepo akangochotsa pini. Anyamata 8 anafa, ena anaduka manja. Chilungamo cha nkhaniyi chinadzaululika patapita zaka, pamaso pa komiti yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu ya TRC. Mu August 1985 COSAS inaletsedwa.

Zaka za 1990 mpaka 1994 ndizo zinali zoopsa koposa. Ku Thokoza, Katlehong ndi Vosloorus anthu a m'mahositelo, ambiri a iwo otsatira chipani cha Inkatha, anamenyana ndi anthu a m'makomboni otsatira ANC, ndipo anthu masauzande anafa. Anyamata a zaka 15 kapena 16 anasiya sukulu n'kulowa m'magulu olondera makomboni, mfuti zili m'manja. Msewu wa Khumalo ku Thokoza unasanduka malire: mbali ina hositelo, mbali ina nyumba zoswekeratu mawindo zomwe eni ake anazithawa, ndipo woyenda pamenepo masana ankadziwa kuti wina akumuloza ndi mfuti. Pa msewu womwewu pali lero chipilala cholembedwa mayina opitirira 600, chomwe Thabo Mbeki wa ANC ndi Mangosuthu Buthelezi wa Inkatha anachitsegulira limodzi mu 1999.

Zokambirana zothetsa tsankho zinkachitikiranso m'dera lomweli, m'nyumba ya World Trade Centre ku Kempton Park, kuyambira mu December 1991. Pa 10 April 1993 mtsogoleri womenyera ufulu Chris Hani anaphedwa pakhomo pa nyumba yake ku Dawn Park, ku Boksburg, ndipo mkwiyo womwe unabuka unakakamiza atsogoleri kugwirizana msanga za tsiku la chisankho. Chaka chomwecho Nelson Mandela anapereka ganizo loti ana a zaka 14 aziloledwa kuvota, ponena kuti nawonso anamenya nkhondoyo. Ganizoli silinapite patali, ngakhale m'chipani chake, ndipo msinkhu wovota unakhala zaka 18. Kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote, pa 25 April 1994, bomba la azungu okana kusintha linaphulika pa siteji ya mataxi ku Germiston ndi kupha anthu 10, ndipo lina linaphulika pa bwalo la ndege la Jan Smuts, lomwe tsopano ndi O.R. Tambo, m'mawa wa pa 27 April.

Chisankho cha 1994 chinali chosiyana ndi zonse zotsatira pa mfundo imodzi yomwe kawirikawiri imaiwalika. Panalibe kaundula wa ovota, ndipo lamulo linalola nzika komanso alendo okhala ndi chilolezo chokhazikika. Antchito a m'migodi ochokera kunja omwe analowa m'dzikomo June 1986 asanafike anapatsidwa makadi ovotera akanthawi, ndipo anthu a ku Lesotho ndi Mozambique ambiri anaima pa mizere limodzi ndi eni dziko. Mu 1995 boma latsopano linapereka chilolezo chokhazikika kwa a m'migodi otere, ndipo pafupifupi 51,000 anachilandira. Amalawi ambiri mwayiwu unawaphonya, popeza makontirakiti awo anali atatha mu 1988. Omwe anapindula ndi matchona okhazikika kale m'makomboni, kudzera m'chikhululukiro china cha 1996 cha nzika za maiko a SADC, chomwe chinafikira anthu pafupifupi 124,000 ochokera m'maiko osiyanasiyana. Khomo la voti lokha linatsekeka. Malamulo oyendetsera dziko a 1996 anapereka voti kwa nzika zokha, ndipo pa chisankho cha 1999 panafunika kaundula ndi chiphaso cha South Africa.

Malawi anasintha nthawi yomweyo. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya matipate m'malo mwa tambala wakuda, ndipo pa 17 May 1994, patangopita masabata atatu South Africa atavota, Bakili Muluzi anagonjetsa Kamuzu. Malamulo atsopano anamangirira voti ku dera: munthu amalembetsa komwe amakhala, komwe anabadwira kapena komwe amagwira ntchito, ndipo malo onse olembetsera ndi ovotera ali m'dziko momwemo. Chodabwitsa n'chakuti gawo 77 la malamulowo, momwe analembedwera poyamba, linalola mlendo yemwe wakhala m'Malawi zaka 7 kuvota, pamene Mmalawi wa ku Daveyton analibe poponyera voti yake. Pa zisankho zonse kuyambira 1994 mpaka cha pa 16 September 2025, kuphatikizapo chobwereza cha pa 23 June 2020, palibe voti yomwe inaponyedwa pa ofesi ya kazembe ku Pretoria kapena ku Johannesburg.

Wofuna kuvota amayenera kubwera kumudzi kawiri, polembetsa ndi pa tsiku lovota, ndipo kuyambira pa chisankho cha 2019 amafunikanso chiphaso cha unzika. Ulendo wa basi kuchokera ku Johannesburg umadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kukalowera pa Mwanza kapena Dedza, ndipo umatenga masiku awiri ukayenda bwino. Mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Mangochi yemwe amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Benoni, kapena yosoka zovala ku Germiston, nthawi zambiri analowa ndi masiku 30 omwe amadinda mu pasipoti ndipo anatha kalekale. Akatuluka pa chipata amadindidwa kuti asabwererenso kwa nthawi. Palibe amene angataye ntchito chifukwa cha voti imodzi.

Maiko oyandikana anatenga njira zosiyana. Mozambique inayamba kuvotetsa nzika zake zokhala kunja mu 2004, ndipo m'nyumba yake ya malamulo muli mipando iwiri ya anthu otere, umodzi wa okhala mu Africa, wina wa okhala kwina konse. Motero munthu wa ku chigawo cha Gaza ku Mozambique wokhala ku Tembisa amavota ali ku South Africa komweko, pamene Mmalawi yemwe amachita naye lendi pa pulota imodzi savota. South Africa inachita kukakamizidwa ndi khoti. Mu March 2009 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Willem Richter, mphunzitsi yemwe ankagwira ntchito ku United Kingdom, linagamula kuti nzika zolembetsedwa zivote ngakhale zili kunja, ndipo lamulo la 2013 linalolanso kulembetsera kunja komweko. Ku Zimbabwe khoti linakana pempho lofanana ndi limeneli mu 2018. Malawi anangofika theka la njira: mu December 2018 aphungu anavomereza unzika wa maiko awiri, zomwe zinathandiza omwe anatenga unzika wa South Africa ndi ana awo, koma za kuvotera kunja zinatsala.

Kusowa voti kumaonekera kwambiri pakagwa mavuto. Zipolowe zothamangitsa alendo zomwe zinayambira ku Alexandra pa 11 May 2008 zinafalikira msanga ku East Rand, ndipo pa 18 May Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anawotchedwa wamoyo m'komboni ya Ramaphosa ku Boksburg. M'dziko lonse munafa anthu 62, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, monga linachitanso mu 2015. Khansala wa wadi alibe chomwe angaluze akanyoza anthu omwe sali m'kaundula wake. Gulu la Operation Dudula, lomwe linayamba mu 2021 ndi cholinga chothamangitsa alendo, linalembetsa ngati chipani mu 2023.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya achinyamata omwe voti ali nayo. Ku South Africa munthu angathe kulembetsa ali ndi zaka 16, ndipo kuyambira 2021 angathe kutero pa intaneti, komabe ovota akuchepa chisankho chilichonse. Mu 2019 anavota 66 peresenti ya olembetsa, mu 2024 osakwana 59 peresenti, ndipo pa chisankho cha makhonsolo cha 2021 anali pafupifupi 46 peresenti. Ochepetsetsa m'kaundula ndi a zaka 18 mpaka 29, ana ndi adzukulu a aja ankalondera msewu wa Khumalo. Ulova ndiwo amautchula kawirikawiri ngati chifukwa, koma khonsolo ya Ekurhuleni nayo siwapatsa chikoka: ANC inataya mphamvu zolamulira yokha mu 2016, ndipo pakati pa 2021 ndi 2024 mpando wa meya unachoka kwa Tania Campbell wa DA, kupita kwa Sivuyile Ngodwana wa kachipani kakang'ono ka AIC, kenako kwa Nkosindiphile Xhakaza wa ANC, zonse mwa kugwirizana kwa makhansala. Mu August 2022 anthu a ku Tembisa, atatopa ndi mitengo ya magetsi, anatseka misewu ndi kuwotcha ofesi ya khonsolo. Ku Malawi achinyamata anaonetsa mphamvu zawo pa ziwonetsero za 2019 zomwe zinatsagana ndi mlandu wa chisankho, mpaka khoti linathetsa zotsatira pa 3 February 2020. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi silinakwanitse zaka 18, ndipo ambiri mwa okwera basi ya ku Joni lero ndi a m'badwo umenewu.

Kuti Amalawi a ku Ekurhuleni avote, aphungu ayenera kusintha lamulo la zisankho kuti lilole bungwe loyendetsa zisankho la MEC kulembetsa ndi kuvotetsa anthu kunja kwa dziko. Voti ya pulezidenti ndiyo yosavuta kuyamba nayo, popeza dziko lonse ndi dera limodzi, pamene ya phungu ndi khansala imafuna kudziwa kuti wovotayo ndi wa kuti. Pafunikanso ndalama, chilolezo cha boma la South Africa, ndi njira yoti zipani zitumize anthu awo oyang'anira mabokosi, makamaka tsopano pamene wopambana amayenera kupeza mavoti opitirira theka ndipo mavoti ochepa angathe kusintha zotsatira. Vuto lalikulu ndi la mapepala. Kaundula wa ovota a ku Joni ukhalanso mndandanda wa anthu omwe masiku awo anatha, ndipo mzere wa pa ofesi ya kazembe ndi malo omwe apolisi oona za olowa ndi otuluka angawapezerepo mosavuta.