Wophunzira ali ku Phalombe, chiphaso chili kutauni

M'chigwa cha Phalombe, pakati pa phiri la Mulanje, la Michesi ndi nyanja ya Chilwa, katundu ankayenda pamutu. Pamene atsamunda ankamanga linga la Fort Lister mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo, mitolo inkasenzedwa ndi amtengatenga, mzungu ali gone pa machila. Galimoto itafika inali ya boma, ya amishoni, ya eni maesiteti ndi ya Amwenye amasitolo. Mwana wa m'mudzi ankaifikira kudzera kumbuyo, komwe amakwezera katundu, ndipo kumeneko ndi kumene kunabadwira sukulu ya udalaivala imene anthu akuno aidziwa nthawi yaitali.

Sukuluyo inalibe bolodi kapena choko. Mnyamata ankayamba ndi kutsuka lole, kuthira madzi mu injini ikatentha, kumanga matumba a nandolo ndi chingwe, ndi kudumpha msanga pachitunda kukatsamiza mwala kutayala kuti galimoto isabwerere m'mbuyo. Chaka chinkatha akungoonerera phazi la abwana ake pa kilatchi ndi kumvetsera kulira kwa injini posintha giya. Akakhulupirika ankaloledwa kuisuntha pabwalo, kenako pamsewu wafumbi wopanda anthu. Pomadzapita kukayesedwa n'kuti akudziwa kale kumene matope amagwira m'dzinja komanso mtsinje umene sauwoloka ukadzaza, ndipo chiphaso chinkangotsimikiza zimene mudzi wonse waona. Masiku a mabasi a UTM ndi a Stagecoach madalaivala anali owerengeka, olemekezeka ngati aphunzitsi. Minibasi ndi matola zitachuluka pambuyo pa 1994 njirayo inafupika, koma sinafe: kondakitala ankaphunzirabe kwa dalaivala wake.

Lamulo limayenda mosemphana ndi mwambowu. Malinga ndi lamulo la zapamsewu la 1997, munthu asagwire chiwongolero pamsewu wa onse asanatenge chiphaso chophunzirira. Ayambe wakhoza mayeso a Highway Code, maso ake apimidwe, ndipo galimoto yophunzirira ikhale ndi chilembo chofiira cha L, pambali pake pali wodziwa kale. Kuyambira mu 2015, pamene makina atsopano a MalTIS anayamba kugwira ntchito, a Road Traffic amajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, choncho mwiniwake ayenera kukaonekera yekha. Phalombe anakhala boma palokha mu 1998 atachoka pansi pa Mulanje, koma wofuna chiphaso ulendo wake ndi wa ku Blantyre kapena ku Zomba. Wa ku Nambazo kapena ku Chiringa awerengere thiransipoti, chakudya ndi pogona, asanalipire ndi tambala yomwe ya boma. Netiweki ikavuta, tsiku lapita.

Chimene chinagwetsa sukulu yakale ija ndi njinga yamoto. Njinga zotsika mtengo, zambiri zolowa kuchokera ku Mozambique, zinasandutsa wakabaza wopalasa kukhala woyendetsa makina m'masiku ochepa chabe. Palibenso lole yotsuka, palibenso mkulu womuyang'anira. Mnzake amusonyeza buleki ndi giya pabwalo la mpira Loweruka, Lolemba wanyamula mayi wodwala ndi mwana kumsana kupita kuchipatala. Ndiye tikamati anyamata akabaza ndi amwano chifukwa alibe laisensi, tikuiwala kuti mphunzitsi wakale anawachokera, pomwe watsopano sanafike kwawo.

Alipo amene amati pepala siliyendetsa galimoto. N'zoona, ndipo m'masiku a malole mawuwo anali ndi mphamvu chifukwa zaka za kuonerera zinkagwira ntchito ya buku. Lero zakazo kulibe, ndipo msewu nawo wasintha. Phula wa msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale, amene anthu anamudikira zaka zambirimbiri, anabwera ndi liwiro, mizere yoyera ndi zikwangwani zimene luso la manja silingamasulire. Wodziwa kukhota pamchenga akhoza kufa chifukwa sanauzidwepo kuti mzere wosadukiza pakati pa msewu ukuletsa kupitirira galimoto inzake. Mayeso a chiphaso chophunzirira ndi malo okhawo otsala pamene wina amakakamizidwa kudziwa zimenezi asananyamule moyo wa mnzake.

Ena amati chiphasocho n'chachabe popeza ena amachigula. Dandaulo la ziphuphu ndi madobadoba ndi lakale ndipo si longopeka. Koma dobadoba amadyera pa mtunda ndi mantha: kasitomala wake ndi mlendo amene wabwera ndi ndalama za tsiku limodzi ndipo sangakwanitse kubwerera chimanjamanja. Kufupikitsa ulendo ndiko kumulanda msika. Ngati kalembera wa zitupa za unzika anafika m'midzi mu 2017 ndi makina ojambula nkhope ndi zala, a Road Traffic angathenso kuika tebulo ku Migowi ndi ku Chiringa masiku odziwika, mafunso n'kukhala m'Chichewa chomveka. Nthawi yabwino ndi pamene anthu angogulitsa nandolo ndi mpendadzuwa, chifukwa ndi pomwenso njinga zatsopano zimagulidwa.