Kuvomera, kuledzera ndi mlandu wogwiririra m'malamulo a dziko la South Africa

M'dziko la South Africa, munthu amapalamula mlandu wogwiririra akalowetsa mwadala chiwalo chake kapena chinthu china m'thupi la mnzake mwa njira ya kugonana, mnzakeyo asanavomere. Tanthauzoli lili m'gawo 3 la lamulo nambala 32 la m'chaka cha 2007, lokhudza milandu ya zakugonana, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 16 December chaka chomwecho. Kale makhoti ankaona kuti wogwiriridwa ndi mkazi yekha. Pansi pa lamuloli mwamuna nayenso angathe kukadandaula, ndipo gawo 56 likuti ukwati si chodzitetezera nacho.

Mutu wa nkhani yonse ndi kuvomera, komwe lamulo likuti ndi kugwirizana nazo mwa kufuna kwa mwini, popanda kukakamizidwa. Gawo 1 likutchula anthu amene sangathe kuvomera: amene ali m'tulo, amene wakomoka, mwana wosakwana zaka 12, ndiponso amene mowa kapena mankhwala zamusokoneza mpaka kulephera kuzindikira kapena kuganiza bwino. Apa mpofunika kumvetsa. Lamulo silikunena kuti aliyense wolawa mowa wataya mphamvu zovomera, ayi. Bwalo limayang'ana umboni wa mmene munthuyo analili pa nthawi yeniyeniyo, monga ngati ankatha kuyenda, kuyankhula zomveka kapena kudziwa kumene ali. Kuvomera kopezeka mwa chinyengo, pamene wina wadzionetsa ngati munthu wina, nakonso sikuwerengedwa.

Nthano ndi mafilimu akhala akuphunzitsa zosiyana ndi zimenezi kwa zaka zambiri. M'nthano ya mwana wa mfumu wogona tulo tatitali, monga anailembera Giambattista Basile wa ku Italy m'buku lotuluka m'chaka cha 1634, mfumu imagona ndi mtsikanayo ali chikomokere, iye nkudzabereka mapasa asanadzuke, ndipo nkhani imatha ndi ukwati. Mufilimu yoseketsa ya ku America ya m'chaka cha 1984, Sixteen Candles, mnyamata amapereka chibwenzi chake choledzera kwa mnzake, ndipo kutacha mtsikanayo, yemwe sakukumbukira bwino za usikuwo, amaoneka wosadandaula. M'chaka cha 2018 Molly Ringwald, amene anasewera mufilimuyi, analemba mu magazini ya The New Yorker zosonyeza kuti mbali imeneyi imamuvutitsa maganizo. Filimu ina ya chaka chomwecho cha 1984, Revenge of the Nerds, imaonetsa mnyamata atavala chigoba nkugona ndi mtsikana amene akuyesa kuti ndi bwenzi lake.

Luso la olemba nkhani zotere lagona pa m'mawa mwake. Amamumwetulitsa mkazi uja, ndipo woonera amaiwala kufunsa ngati anavomera. Koma bwalo silifunsa za m'mawa. Likadakhala kuti likumva nkhani zitatuzi potsata lamulo la 2007, zonse zikadakhudza mfundo zomwe zatchulidwa m'gawo 1: kukomoka, kuledzera ndi chinyengo.

Komabe maganizo a m'mafilimuwa akhala ndi khomo lolowera m'makhoti. Woimira boma pa mlandu amayenera kutsimikiza kuti woimbidwa mlandu anachita mwadala, choncho munthu angathe kumasulidwa ngati bwalo laona kuti mwina ankakhulupiriradi kuti mnzakeyo wavomera, ngakhale chikhulupiriro chakecho chikhale chopanda nzeru. M'chaka cha 2021 bwalo lalikulu la ku Makhanda linamasula bambo wina pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Coko, poganizira kuti mtsikanayo analola kupsopsonana ndi kugwiranagwirana, chonsecho iye anali atanena kuti sakufuna kugonana. Bwalo la apilo la ku Bloemfontein linathetsa chigamulochi m'mwezi wa April 2024, ponena kuti kuvomera chinthu chimodzi si kuvomera zonse.

Pa 30 September 2024, bwalo lalikulu la mumzinda wa Pretoria linafika pa gwero penipeni. Pa mlandu umene unabwera ndi bungwe la Embrace Project pamodzi ndi mayi wina amene anagwiriridwapo, woweruza Selby Baqwa anagamula kuti magawo ena a lamulo la 2007 akutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, chifukwa amalola munthu kudziteteza ndi chikhulupiriro chake chokha, asanasonyeze kuti anachitapo zoyenera pofuna kudziwa ngati mnzake wavomeradi. Malinga ndi malamulo a dzikolo, chigamulo chothetsa gawo la lamulo la nyumba ya malamulo chimagwira ntchito pokhapokha bwalo la Constitutional Court la ku Johannesburg litachitsimikiza.

Nanga woledzera akakhala wopalamulayo? Mowa sumupulumutsa. Lamulo nambala 1 la m'chaka cha 1988 likuti munthu amene waledzera mwa kufuna kwake nkuchita choletsedwa ali wosazindikira angathe kulandira chilango chofanana ndi cha mlandu womwewo. Chilango chochepetsetsa kwa wogwiririra koyamba, potsata lamulo la m'chaka cha 1997, ndi zaka 15 m'ndende, pokhapokha bwalo litapeza zifukwa zamphamvu zochichepetsera.