Nyumba ya ku Sadzi ndi Mmene Chitukuko Chinaitsatira

Zomba linali likulu la dziko la Nyasaland kuyambira mu 1891, ndipo linakhalabe likulu la Malawi mpaka mu 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Atsamunda anasankha kukhala m'mphepete mwa phiri la Zomba, kumene kuli kozizira ndipo mtsinje wa Mulunguzi uli pafupi, ndipo kumeneko boma ndilo linkayeza malo, kulambula misewu ndi kukoka madzi. Amalawi ambiri amene ankagwira ntchito m'maofesi ndi m'nyumba za azunguwo ankakhala kumunsi, m'midzi ya mafumu, ndipo dera la Sadzi, monganso Chikanda ndi Chinamwali, linakula pa malo a mtundu umenewu, kumene nyumba inkayamba kumangidwa, msewu ndi mpopi n'kubwera pambuyo.

Munthu wofuna malo ankapita kwa mfumu kapena kwa banja lokhala ndi munda, napatsidwa poloti yomwe malire ake ankadziwika ndi mtengo kapena mzere wa khonje. Nyumba yoyamba inkakhala ya zidina, ndiko kuti njerwa zouma ndi dzuwa zosawotcha, yofolera ndi udzu, koma mwini wake akapeza ndalama ankaumba njerwa pabwalo pomwepo, kuziwotcha mu uvuni, n'kugula malata pang'onopang'ono. Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, ndiponso anthu atachuluka mumzindawu mpaka kufika 105,013 pa kalembera wa 2018, ofuna nyumba za lendi anachuluka, motero eni mapoloti anayamba kumanga midadada kuseri kwa nyumba zawo. Mdadada ndi mzere wa zipinda zokhala pansi pa denga limodzi, banja lililonse khomo lake ndi mbaula yake pakhonde, koma onse akugwiritsa ntchito bafa ndi chimbudzi chokumba chimodzi, ndipo kwa mabanja ambiri lendi ya zipindazi ndiyo imalipira fizi ya ana ndi kusamala makolo paukalamba.

Madzi aukhondo anachedwa kuwafika anthuwa. Bungwe la Southern Region Water Board linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1995, ndipo damu la Mulunguzi, lomwe lili pamwamba pa phiri la Zomba, linawonjezera kwambiri madzi a mzindawu, komabe kukoka mapaipi pakati pa nyumba zomangidwa mothithikana n'kovuta, choncho mabanja ambiri amadalira kiyosiki, kanyumba kokhala ndi mipopi komwe madzi amagulitsidwa pa ndowa. Lero Sadzi ali ndi msika, sukulu ya pulayimale ndi chipatala chaching'ono chomwe chimatumiza odwala kwambiri ku Zomba Central Hospital, ndipo mtengo wa lendi umatsata kwambiri kuyandikira kwa nyumba ku zinthu zimenezi komanso ngati ili ndi magetsi a ESCOM.

Phiri la Sadzi ndilo linalipira kukula kumeneku. Mitengo yake inathera ku nkhuni zophikira ndi zowotchera njerwa, anthu ena analima ndi kumanga pamalo otsetsereka, ndipo mvula ikagwa madzi ankatsika ndi matope ndi miyala, kukumba zigwembe m'njira ndi kulowa m'nyumba zomwe zinamangidwa ndi njerwa zowotchedwa ndi mitengo yomweyo. Anthu a m'derali, mothandizana ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College, anayamba kubzala mitengo ndi kuteteza ziphukira za m'zitsa, ntchito yoyenera kuyamikiridwa chifukwa anaigwira eni dera. Koma mitengo payokha singakwanitse, pakuti anthu amene anadzimangira okha nyumba kwa zaka zambiri sangathe kudzikumbira okha ngalande zikuluzikulu kapena kuletsa omanga m'phiri, ndipo udindo umenewu ndi wa khonsolo ya mzinda wa Zomba.