Kasamalidwe Koyenera ka Okalamba: Zofunika M'nyumba Yowasungiramo

Nyumba yosamaliramo okalamba ndi malo amene agogo osatha kudzithandiza okha amakhalako usana ndi usiku, nalandira chakudya, mankhwala ndi chisamaliro kuchokera kwa anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. M'maiko a ku Ulaya nyumba zotere n'zambiri. Kuno ku Malawi n'zowerengeka, ndipo m'madera ngati Tsangano, m'boma la Ntcheu, wokalamba amakhala m'nyumba mwake kapena pakhomo pa mwana wake. Komabe zimene zimafunika m'nyumba yaikulu yosungiramo okalamba n'zomwezonso zimene zikufunika m'kanyumba ka agogo kumudzi. Tazilemba pano kuti akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati adziwe zoyang'ana akapita kukazonda okalamba.

Zimene malamulo akunena

Kalembera wa chaka cha 2018 adaonetsa kuti pafupifupi anthu 5 mwa 100 alionse m'dziko muno ali ndi zaka 60 kapena kupitirira apo. M'chaka cha 1991 bungwe la United Nations lidagwirizana mfundo zisanu zokhudza okalamba: kudziimira paokha, kutenga nawo mbali pa zochitika, kusamalidwa, kupitiriza kukula m'luso ndi m'maganizo, ndiponso kulemekezedwa. Boma la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko yake ya okalamba m'chaka cha 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza ufulu wawo ndi kuletsa kuwachitira nkhanza. Choncho parishi kapena bungwe lofuna kutsegula nyumba yotere liyambe lakaonana ndi ofesi ya zosamalira anthu ya m'boma lake.

Nyumba yake ikhale yotani

Ngozi yaikulu kwa okalamba ndi kugwa. Bungwe la zaumoyo la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse pa dziko lonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Fupa la m'chiuno likathyoka, wokalamba kawirikawiri sayendanso. Motero pansi pasakhale poterera kapena pa maenje, pakhomo pakhale chogwirira, chimbudzi chikhale pafupi, ndipo usiku pakhale nyali kapena tochi pafupi ndi pogona.

Ku Tsangano kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, ndipo thupi la wokalamba silisunga kutentha ngati la wachinyamata. Pakufunika mabulangeti okwanira ndi denga losadontha. Koma mbaula ya makala isamasiyidwe m'chipinda chotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangogona tulo osadzukanso. Chitseko chisatsekedwe ndi loko kunja wokalamba ali m'kati, chifukwa moto utabuka sangathe kuthawa.

Chakudya, ukhondo ndi mankhwala

Wokalamba amene mano adamuthera amafuna chakudya chofewa: phala lothira nsinjiro, mbatatesi yophika bwino, nyemba zosinja, mazira ndi ndiwo zamasamba. Ludzu samalimva msanga, choncho madzi aziperekedwa kawirikawiri, osadikira kuti apemphe. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, udatikumbutsa kufunika kwa zimenezi.

Amene sathanso kudzuka azitembenuzidwa maola awiri alionse, ndipo zogonera zikhale zouma. Kupanda kutero, zilonda zimatuluka pamsana, m'chiuno ndi ku zidendene, ndipo zimavuta kupola. Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amwedwe pa nthawi yake monga adanenera a chipatala, ndipo bukhu la kuchipatala lisungidwe pamalo odziwika. Nyumba yoyendetsedwa bwino imalemba tsiku ndi tsiku amene wamwa mankhwala, amene wagwa ndi amene wakana kudya.

Osamalira ndi ulemu wa wokalamba

Osamalira akhale ophunzitsidwa, okwanira, ndipo wina azikhala maso usiku. Posambitsa agogo pakhale potchinga, ndipo ngati n'kotheka amayi asambitsidwe ndi amayi anzawo. Kumanga wokalamba ndi chingwe, kumumana chakudya, kumulalatira, kapena kumulanda munda ndi ndalama za Mtukula Pakhomo, zonsezi ndi nkhanza. Abale aziloledwa kudzacheza, ndipo wokalamba akhale ndi munthu womuuza dandaulo lake mopanda mantha. Akafuna wansembe kuti alape, alandire Ukaristia kapena Sakramenti la Kudzoza Odwala, asachedwetsedwe.

Matenda a kuiwala si ufiti

Okalamba ena amadwala matenda a ubongo amene amawachititsa kuiwala maina a ana awo, kulankhula zosamveka ndi kuyendayenda usiku, nthawi zina osavala. Amenewa ndi matenda, ndipo wodwalayo amafuna womuyang'anira. Kusadziwa zimenezi kwaphetsa anthu osalakwa. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, loyandikana ndi Ntcheu, okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu atanenedwa kuti ndiwo adatumiza mphezi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wokalamba akayamba kuopsezedwa, nkhaniyo ipite msanga kwa amfumu ndi kupolisi.

Udindo wa mphakati

Mphakati uliwonse udziwe okalamba a m'dera lake, makamaka okhala okha ndi olera ana amasiye, ndipo uziwayendera mosinthana, osasankha mpingo. Wozonda asangopemphera n'kuchoka. Ayang'ane denga, zofunda, mtsuko wa madzi, chimbudzi, mankhwala ndi khungu la wodwala, kenaka afotokozere anzake kuti chosowacho chipezeke.

Masiku atatu angathandize parishi kukumbutsana za ntchitoyi: 15 Juni, tsiku lodzudzula nkhanza kwa okalamba, 1 Okutobala, tsiku la okalamba pa dziko lonse, ndi Lamulungu lachinayi la Julayi, limene Papa Francis adalipatula mu 2021 kuti likhale la agogo ndi okalamba, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera. Makolo athu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dzinja lisanafike, tiyeni tikaone ngati denga la agogo lili bwino.